Petulo wa octane yokwera ndi timabotolo tothira mu thanki: mungadziwe bwanji ngati galimoto yanu ikuzifunadi

Nkhani iyi siyitha anthu a magalimoto akakhala pamodzi. Wina amati ine chiyambireni kuthira petulo wa octane 98 galimoto yanga ikuuluka, wina amati ayi 98 amawotcha mavalavu, wachitatu nde amakatsegula buti nkutulutsa kabotolo kuti mankhwala awa ndi amene akundisungira injini. Onse amayankhula motsimikiza zedi, koma mungowafunsa kuti octane yo ndi chani kwenikweni, kuli zii.

Nde tiyambire pomwepo, chifukwa mukangomva ichi zina zonse muzidziyankha nokha. Nambala ya octane siyiyeza mphamvu ya petulo, komanso siyiyeza ukhondo wake. Imangotiuza kuti petuloyo angapirire kupanikizidwa mpaka pati asanaphulike yekha. Basi. Lita ya 91 ndi lita ya 98 mphamvu yake ndi yofanana ndithu, kusiyana kwake nkochepa moti simungakumve.

Mu silinda zimayenda chonchi: pisitoni imakwera nkufinya mpweya wosakanikirana ndi petulo, pulagi imathetheka, moto nkuyamba pa pulagipo kumafalikira bwinobwino mpaka kumakona, ndipo pisitoni imakankhidwa kutsika mosalala. Koma ngati kutentha ndi kupanikizika kwanyanya, kampweya kotsalira kumakona kuja kamaphulika kokha motowo usanafike, nde mkatimo mumakhala kuwombana. Inu pa siteling'i mumamva kaphokoso ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, makamaka mukamakwera chitunda mu giya yayikulu mutaponda moto, kapena mwanyamula katundu dzuwa likuswa mtengo. Kumeneko nde kugogoda kumene octane amabwera kudzaletsa. Osakusokoneza ndi kuja timati injini yanoka, kuja mabering'i amakhala atapita kale ndipo palibe petulo angakuchize.

Nambalayo inachokera ku mafuta awiri a mu labu. Iso-octane, amene amapirira kwambiri, anamupatsa 100, pomwe heptane, amene sachedwa kuphulika, anamupatsa 0. Petulo wa 95 ndiye kuti amapirira ngati mutasakaniza magawo 95 a iso-octane ndi magawo 5 a heptane. Muyeso umenewu anabwera nawo ndi Graham Edgar cha m'ma 1920.

Chinthu choyamba kuchita, ndipo nchaulere: tsegulani kachitseko ka pa thanki muwerenge kasitika kali mkatimo. Ngati palibe, buku la galimoto, ndipo ngati bukulo linasowa ndi mwini wake woyamba, fufuzani pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya injini osati dzina la galimoto lokha, poti galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi mainjini osiyana, ina ya turbo ina yopanda. Mupeza chimodzi mwa zitatu izi. Pena amangolemba nambala yotsika imene injini imafuna, tinene 91. Pena amalemba kuti premium, petulo wa octane yokwera uja, ndi wofunika, kutanthauza kuti musatsike. Pena amati premium ndi amene akulimbikitsa koma wamba alibe vuto.

Chenjerani ndi nambalazi chifukwa dziko lonse siliwerenga mofanana. Maiko ambiri amalemba pa pampu muyeso wa octane wotchedwa RON. Ku United States ndi ku Canada amalemba AKI, imene ndi pakatikati pa RON ndi muyeso wina wotchedwa MON, nde nambala zawo zimaoneka zotsika ndi 4 kapena 5. Petulo wa 87 wa ku America ali cha pa 91 RON, ndipo 91 wawo ndi 95 wa kwina. Anthu ambiri amaonera vidiyo ya munthu wa ku Texas akuti galimoto iyi imafuna 91 premium, iwo nkumathira 91 RON akuganiza kuti ali bho, chonsecho atsika sitepe yathunthu. Ku Japan nako petulo wamba amayambira pa 89 RON pomwe wapamwamba amayambira pa 96, nde ngati galimoto yanu inapangidwira msika wa ku Japan ndipo kasitika kake kakuti premium, musaichepse.

Tsopano ngati buku likuti 91 inu nkuthira 98, chimachitika nchani? Kwa galimoto zambiri za tsiku ndi tsiku, palibe. Injini siwonongeka, mavalavu sapsa, zoti octane yokwera imatentha kwambiri ndi nkhambakamwa chabe. Koma phindu nalo palibe, chifukwa injiniyo siyimafika pomwe 91 angalephere, nde kupirira kowonjezera kuja mwangolipira koma sikukugwira ntchito, zili ngati kugula loko wachiwiri wa chitseko chimene loko woyamba akugwira kale bwinobwino. Bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA ku America linayesa zimenezi mu 2016 pa galimoto zopangidwira petulo wamba ndipo silinapeze kusintha kooneka pa mphamvu, pa kamwedwe ka mafuta ngakhale pa utsi. Linawerengeranso kuti oyendetsa a kumeneko anataya ndalama zoposa madola 2 biliyoni m'chaka chimodzi pogula premium amene galimoto zawo sizimafuna.

Nanga aja amalumbira kuti akumva kusintha? Ena akunenadi zoona ndipo ndifikako. Koma ambiri ndi mtima chabe, munthu ukalipira zambiri phazi limalemera lokha potuluka pa filing'i, ndipo khutu limamva zimene thumba likufuna kumva.

Vuto lenileni lili mbali inayi, kuthira wotsika pa injini yofuna wokwera. Injini za turbo ndi zija zofinya kwambiri, tinene zofinya mpweya ka 11 (amalemba 11:1) kupita m'mwamba, zambiri zimagwira ntchito kufupi ndi malire. Galimoto zamakono zili ndi knock sensa, kachipangizo komangidwa pa buloko kamene kamamvetsera kugogoda kuja inu musanakumve nkomwe. Kakangomva, kompyuta ya galimoto imachedwetsa taiming'i ya mapulagi kuti injini ipulumuke. Nde simumva phokoso, koma galimoto imafooka, imayamba kumwa mafuta kwambiri, ndipo ekizozi imatentha kuposa kale. Kamodzi kawiri mwasowa pogwira palibe chingaphulike, thirani pang'ono wongokufikitsani, yendani mofatsa, osaponda mpaka pansi, osakoka ngolo, mukapeza woyenera dzadzani. Petulo awiri akasakanikirana octane yake imagwera pakati, theka la 91 ndi theka la 95 mupeza cha pa 93. Koma kupanga chizolowezi miyezi ndi miyezi pa injini yolembedwa kuti premium ndi wofunika, kompyuta ili ndi malire a pomwe ingachedwetse, ndipo kugogoda kwamphamvu kumathyola timipanda ta pakati pa maring'i, kumadya mutu wa pisitoni, pena kuwotcha gasiketi. Galimoto zakale za kabuleta ndi disitibyuta nde zilibiretu wozimvetsera, khutu lanu ndiye sensa.

Gulu lachitatu lija, loti premium akungolimbikitsa, ndi pomwe anthu olumbira aja amakhala akunena zoona. Kompyuta ya injini zotere imatha kukankha taiming'i kutsogolo ikaona kuti petulo akupirira, nde mphamvu imakwerako pang'ono, mafutanso nkupulumukako pang'ono. Funso nloti pang'onoyo akubweza ndalama yowonjezera ija kapena ayi, ndipo apa musamvere ine kapena makaniko wanu, yesani nokha.

Kayesedwe kake nkosavuta koma kamafuna kudekha. Dzadzani thanki mpaka pampu idule yokha, osamuuza wothirayo kuti awonjezere mpaka pakamwa. Bwezani tiripi mita pa 0. Yendani maulendo anu a masiku onse. Mukabweranso dzadzaninso mpaka idule, makamaka pa pampu yomweyo, mulembe malita ndi makilomita, mugawe makilomita ndi malita. Chitani matanki atatu a petulo wamba, kenako atatu a wokwera, ndipo thanki yoyamba mukangosintha musaiwerengere chifukwa muli zotsalira komanso kompyuta imatenga kanthawi kuti izolowere. Matayala akhale ndi mpweya wofanana, eyakoni muzigwiritsa ntchito mofanana, osayerekeza sabata ya mu jamu ndi sabata ya ulendo wautali. Mukapeza kuti wamba akukupatsani makilomita 12 pa lita ndipo wokwera 12.3, kusiyana kwake ndi 2.5 peresenti, nde ngati mtengo ukusiyana ndi 8 peresenti mwaluza, masamu ake ndi omwewo. Kanambala ka pa dashibodi kaja musakakhulupirire kwambiri, kamakonda kudzitama.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza mayeso otere: ethanol. Octane yake ili cha pa 108 RON, nde ndi njira yotchipa yokwezera nambala ya petulo, koma mphamvu yake pa lita ndi yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Petulo wa E10, amene ali ndi 10 peresenti ya ethanol, amakuchepetserani makilomita ndi 3 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Nde ngati premium wa komwe muli ali ndi ethanol wochepa kuposa wamba, muona ngati octane ndi imene yakupulumutsirani mafuta chonsecho ndi nkhani ya ethanol. Kukwera kwa malo nakonso kumalowererapo, kumtunda mpweya ndi wopepuka nde injini yopanda turbo siyifinya kwambiri, nchifukwa chake ku Johannesburg, komwe nkokwera, amagulitsanso 93 pomwe kugombe la nyanja ku Durban ndi 95.

Nanga galimoto yakale yoti buku likuti 91 koma yayamba kugogoda, mukathira 95 nkusiya? Apo 95 akuthandizadi koma akungophimba chilonda. Kawirikawiri ndi mwaye wouma umene waunjikana pa pisitoni, umachepetsa malo nkukweza kufinya, komanso umasunga kutentha ngati khala. Pena ndi injini ikutentha chifukwa cha radiyeta kapena themositati, pena mapulagi olakwika, pena EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, yatsekeka, pena taiming'i wina anaikankha kutsogolo, pena mafuta akufika ochepa chifukwa cha pampu yotopa. Pitirizani kuthira 95 kuti muteteze injini, eya, koma pezani tsiku mukafufuzitse gwero lake.

Tsopano timabotolo. Apa nde pali chisokonezo chenicheni chifukwa tonse timaoneka tofanana pa shelefu koma ntchito zake ndi zosiyana kutalitali.

Tiyambe ndi tokweza octane. Werengani bwino pa botolo, ambiri amalemba kuti amakweza ndi mapointi angapo, ndipo pointi imodzi pa chiyankhulo chawocho ndi 0.1 ya nambala. Botolo loti mapointi 5 limachotsa 91 kumufikitsa pa 91.5, osati 96. Komanso ganizirani nokha, kabotolo ka mamililita 300 mu thanki ya malita 50. Tija timakwezadi mooneka nthawi zambiri timakhala ndi zitsulo mkati, MMT amene ali ndi manganese kapena ferrocene amene ali ndi ayironi, ndipo zitsulo sizipsa nkutha, zimatsala. Ndinaonapo mapulagi ochokera mu galimoto ya mnzanga wina amene ankathira kabotolo kotere thanki iliyonse kwa miyezi ingapo, makaniko atawamasula nkuwayala pa nsanza onse anayi kunsonga anali ofiirira ngati njerwa yootcha, ukapala ndi chikhadabo kumatuluka fumbi la olenji. Galimoto inali ikudumphadumpha pa aidolo, cheki injini ili chiyakire. Mapulagi nde otchipa, anasintha. Koma fumbi lomwelo limakutanso oxygen sensa, kachipangizo koyeza utsi mu ekizozi, ndi timabowo ting'onoting'ono ta catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi, ndipo izo mtengo wake mumaudziwa.

Mbiri ya zitsulo mu petulo si yabwino kuyambira kale. Mu 1921 Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti tetraethyl lead, mankhwala a mtovu, amaletsa kugogoda, ndipo dziko lonse linapuma mtovu umenewo kwa zaka pafupifupi 100, mpaka 2021 pomwe Algeria, dziko lomaliza, linasiya kugulitsa petulo wa mtovu wa magalimoto. Mafuta a tindege ting'onoting'ono otchedwa 100LL akadali ndi mtovu mpaka pano, nde wina akakunyengererani kuti muthireko pang'ono galimoto ithamange, dziwani kuti converter yanu ikupita.

Totsuka mainjekita nde nkhani yake ndi yosiyanako, ndipo itoto ine ndingatiikire kumbuyo, mwa apo ndi apo. Petulo wabwino amabwera kale ndi sopo wake mkati. Mu 2004 makampani ngati BMW, General Motors, Honda ndi Toyota anayambitsa muyeso wa Top Tier chifukwa ankaona kuti sopo wochepetsetsa amene lamulo la ku America limafuna sakukwanira, ndipo chosangalatsa nchoti muyesowo umafuna kuti sopoyo akhale mu magiredi onse, wamba ndi premium yemwe. Kutanthauza kuti ukhondo ndi octane ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale otsatsa malonda amakonda kuzimanga mtolo umodzi. Ngati mumathira pa malo odalirika pomwe mafuta satha masiku ambiri mu thanki ya pansi, kabotolo simukafuna kwenikweni. Koma ngati galimoto yayenda makilomita ambiri, maulendo ake ndi afupiafupi injini isanatenthe nkomwe, kapena mumathira paliponse pomwe mwapeza, botolo limodzi lokhala ndi PEA, dzina lonse polyetheramine, limatha kuchotsako zomata pa mainjekita ndi mavalavu. Yang'anani mawu amenewo kuseri kwa botolo. Ambiri otchipa mkati mwake ndi parafini ndi tosungunulira tina basi, sangawononge koma sachitanso zambiri.

Kathiridwe kake: thanki ikatsala pang'ono, thirani botolo lonse kaye kenako dzadzani petulo kuti zisakanikirane, tsatirani muyeso wa malita umene alemba, osathira awiri poganiza kuti ziyera kawiri. Ndi bwino kuchita izi kutatsala thanki imodzi kapena ziwiri kuti mupite ku sevisi, poti kena kake kamatsikira mu oyilo. Kamodzi pa sevisi iliyonse nkokwanira, thanki iliyonse ayi.

Koma dziwani mtundu wa injini yanu. Ngati ndi direct injection, zija amalemba GDI, TSI, D-4 ndi zina, injekita imapopera molunjika mu silinda, petulo sadutsa kuseri kwa mavalavu olowetsa mpweya. Nde mwaye umene umamera pamenepo palibe cha mu thanki chingaufike, kaya botolo lodula bwanji, pamafunika kumasula manifodi nkutsuka ndi manja kapena kupopera timakoko ta walnut togaya. Komanso injekita yakufa ndi yakufa, ngati koyilo yake yapsa kapena ikudontha, sopo sangaidzutse.

Za timibulu tothamangitsa njenjete m'zovala, asetoni, parafini, mabuleki fuluwidi ndi nzeru zina za pa WhatsApp, chonde ayi. Timibulu takale tinali naphthalene ndipo mwina pa petulo wa makedzana wa octane yotsikitsitsa tinkachitako kanthu, koma tambiri ta masiku ano ndi mankhwala a chlorine amene akapsa amapanga asidi. Asetoni amadya malabala ndi masilo. Parafini nde amatsitsa octane kumene. Timaginito tomangirira pa paipi ya mafuta tija sindikambako nkomwe.

Zothira mu oyilo nazo ndimaziopa kuposa za mu thanki. Oyilo wa injini si mafuta wamba, gawo lalikulu ndithu la botolo lija ndi mankhwala amene akatswiri anayeza kuti agwirizane, otsuka, oletsa thovu, oletsa dzimbiri, oteteza zitsulo kuti zisadyane. Mukathiramo zanu mukusokoneza muyeso umenewo. Zija zonenepa ngati uchi zimangolimbitsa oyilo, utsi umachepako ndi phokoso lomwe, nchifukwa chake ogulitsa galimoto zotopa amazikonda, koma m'mawa injini ikazizira oyiloyo amachedwa kufika kumtunda, ndipo injini za VVT, zija zimasintha nthawi yotsegukira mavalavu, zimene zimadalira oyilo kudutsa m'timabowo topapatiza zimayamba kuvuta. Zowonjezera zinc zili ndi phosphorus amene amapha converter pang'onopang'ono ngati injini ikudya oyilo. Za PTFE nazo, amene ndi Teflon, kampani ya DuPont yomwe, eni ake a Teflon, inanenapo poyera kuti siyothandiza mu oyilo wa injini. Injini fulashi pa galimoto yoti yakhala zaka osasinthidwa oyilo bwino ndi juga, matope aja akamasuka nthawi imodzi amakatseka kasefa ka pampu ya oyilo mu sampu, kalaiti ka oyilo nkuyaka muli pa msewu. Bola kusintha oyilo ndi fyuluta pafupipafupi kawiri katatu, ziziyera pang'onopang'ono.

Pali timabotolo tiwiri tina timene tili ndi malo ake. Stabilizer, woteteza petulo kuti asawole, ngati galimoto, jenereta kapena njinga yamoto ikhala miyezi yambiri osalizidwa, chifukwa petulo amakalamba, zopepuka zimauluka zotsala nkusanduka ulimbo mu kabuleta. Thirani petulo akadali watsopano, dzadzani thanki, lizani injini mphindi zingapo kuti afike paliponse, petulo wowola kale sabwerera. China ndi cholowa m'malo mwa mtovu, cha galimoto zakalekale zimene mipando ya mavalavu ake ndi yofewa, ngati yanu ili ndi converter sichikukukhudzani. Tochotsa madzi mu thanki ndi alcohol chabe, timathandiza pa timadontho, koma ngati mwathiridwa petulo wa madzi enieni galimoto nkumatsamwa, thanki itsitsidwe ikhutulidwe.

A dizilo, zonse za octane zija sizanu. Dizilo amayezedwa ndi cetane, imene ndi kutembenuza kwake, imayeza kuti mafuta akugwira moto okha msanga bwanji akapanikizidwa, ndipo muyeso wa ku Europe wa EN 590 umafuna 51 kupita m'mwamba. Kabotolo kokweza octane mu thanki ya dizilo nkulakwitsa koopsa, chimodzimodzi kuthirako petulo pang'ono kuti ati atsuke, chifukwa pampu ya common rail, ya injini zamakono za dizilo, imadalira dizilo yemweyo kuti iziterera ndipo petulo amaiumitsa mpaka kuyamba kusenga tizitsulo timene timakathera mu mainjekita onse. Ngati zachitika mwangozi pa pampu, musatembenuze kiyi ngakhale kuyatsa dashibodi kokha, poti pa galimoto zambiri pampu ya mu thanki imayamba kukoka pomwepo. Ikani pa nyutulo, ikankhidwe pambali, muitane woti adzapope thanki.